Njinga Yopanda Kaliyala

Zaka zoyamba za matipate, alamu anga pobwera kuchokera ku Joni anandibweretsera njinga monga ndinawapemphera. Koma inali ya tayala limodzi, yopanda mahandulo, yopanda mabuleki.

"Kuphunzira kwake n'chimodzimodzi ndi inayo, alamu," anatero.

Bodza lenileni! Njinga ya matayala awiri ndinaiphunzira mosavuta, mnzanga atagwira kaliyala kumbuyo n'kumathamanga nane. Nanga iyi munthu angakugwirire pati? Ndinkakwera nditatsamira mtengo wa mango, ndipo ndikangoponda pedulo, iyo inkathawira kutsogolo, ine n'kugwa chagada. Zala zanga zinkangofinya mphepo pofuna mabuleki omwe panalibe. Amayi opita kumjigo ankaima n'kundipepesa, poganiza kuti akuba andilanda tayala linalo.

Tsiku lomwe ndinakwanitsa kuchoka pa mango paja mpaka pamsewu osagwa, ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone. Anatuluka atasenza thumba la nandolo, ali pa ulendo wa kumsika ku Chiringa. Anayang'ana njingayo, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwakhoza, bambo. Nanga thumbali timanga pati?"

Ndinatsika n'kuibweza pomwe ndinayambira. Thumbalo ndinalisenza ndine mpaka ku Chiringa, njinga ili gone pansi pa mango.