Mabotolo Asanu ndi Awiri a Malume

Malume anagwira ntchito yoyeza madzi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse ankanyamula chikwama cha mabotolo asanu ndi awiri n'kuzungulira mipopi isanu ndi iwiri ya m'tauni, kuyambira wa kumsika mpaka wa kuseri kwa fakitale ya zikopa, kumene ankafika nsapato zitalemera ndi matope. Akabwerera ku ofesi ankadontheza mankhwala m'botolo lililonse, n'kuliyang'anitsitsa pawindo, kenako n'kulembera akulikulu fomu.

Ankaopa munthu mmodzi yekha, Woyendera wa kulikulu. Sanamuonepo, koma ankamudziwa bwino. "Ameneyo sagogoda," ankatero, akupukuta magalasi.

Chaka china denga la ofesi linayamba kudontha, ndipo malume anauzidwa kukathandiza kusuntha makatoni m'chipinda chosungira mapepala. Katoni ina inang'ambika. Munatuluka maenvulopu olembedwa ndi dzanja lawo, osatsegula ngakhale imodzi.

"Udindo wa Woyendera unathetsedwa kalekale, achimwene," anatero kalaliki. "Koma lamulo lolemba mafomu silinathetsedwe. Ndiye timalandira, timadinda, n'kuika apa."

"Nanga amawerenga ndani?"

"Chiswe. Sichinadandaulepo."

Malume anapitiriza kuyenda kwa milungu itatu. Tsiku lina kunagwa chimvula, ndipo botolo la kufakitale analidzazira pasinki ya mu ofesi. Anadikira kuti aitanidwe. Palibe anawaitana. Linatsatira la kumsika. Pofika chilimwe mabotolo onse ankamwa pasinki yomweyo, ndipo malume, pokhala munthu wophunzira, ankasiyanitsa manambala pang'ono kuti chiswe chisakayike.

Kunyumba anauza akazi awo, azakhali, kuti madzi akumwa aziyamba awiritsa.

"Zaka zonsezi timamwa a pampopi, bambo. Lero kwagwanji?"

"Ukalamba, mayi. M'mimbamu."

Azakhali anayang'ana nsapato zimene zinali pakhomo, zoyera ngati za m'sitolo. Sanafunsenso. Madzi ankawiritsa, koma mwambo wawo wowalandira chikwama akaweruka anausiya.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Ngati wina anadwala, sitinamve. Popuma ntchito malume anapatsidwa satifiketi ya kukhulupirika, ya zidindo ziwiri, ndipo bwana analankhula mphindi makumi anayi za anthu ogwira ntchito popanda wowayang'anira. Tonse tinaomba m'manja. Azakhali okha anali atagwira kachikwama kawo ndi manja onse awiri.

Nkhaniyi malume anandiuza okha pakhonde, masana ena.

"Mphwanga, zaka makumi awiri ndinkati ndine munthu wabwino. Kani ndinali wamantha chabe."

Ndinati mwina zonse zinalipo, mantha ndi ubwino womwe. Azakhali, amene ankasoka pafupi, sanadzutse mutu.

"Kuseri kwa fakitale kulinso ana," anatero. "Amayi awo palibe anawauza zowiritsa."

Satifiketi ija ili kuseri kwa kabati. Masiku ano malume, ndi mawondo awo otupa, amapitabe kumpopi wa kufakitale Lolemba lililonse, atatenga botolo lotha mafuta. Mankhwala alibe, fomu alibe. Amangotunga, n'kulikweza kudzuwa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Azimayi otunga madzi amawafunsa ngati ali bwino, madziwo.

"Sindikudziwa," amayankha.