Andiika m'gemu ya mbuzi

Mwatandala uli nonse.

Paja Temwa, mwana wa achimwene, akuphunzitsa ana kuno ku Kande kupanga magemu pa laputopu. Lero anandiitana kuti ndikaone luso lawo.

M'gemumo mbuzi zikuba chinangwa pathandala, mayi wina akuzigenda. Abale, mayiyo ndine! Chitenje changa chachikasu chija, ngakhale mawu ndi anga, anandijambula mobisa. Ukadina batani, ndikumakuwa kuti, "Mbuzi za a Longwe, zakuba ngati eni ake!"

Ndiye Loweruka makolo akubwera kudzaonera, ndi a Longwe omwe, mkulu wa mpingo wathu.

Ndiwauze anawo afufute? Koma mtima ukukana. Ndi mokhamo mmene ndikugenda mbuzi zawo popanda mlandu.