Poyizi wa Azakhali

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ya hotela ina kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitayamba kutuluka. Anzawo ankawatchula kuti Akayikeni, chifukwa ukawauza kuti diresi lawakhala, ankayamba adziyang'ana kumbuyo kuona ngati lang'ambika.

Tsiku lina mwana wa alendo anawathamangira m'miyendo atanyamula thireyi yodzaza makapu a tiyi wotentha. Azakhali anangotembenuka pang'ono, thireyi ili m'mwamba, osataya ngakhale dontho. Bwana watsopano, mayi wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, anaona zonse. Anawaitanira pambali n'kuwauza kuti, "Mayi, inu muli ndi poise."

Azakhali anathokoza, koma mtima uli m'mwamba. Analunjika kukhitchini kukafunsa khukhi.

"Poyizi? Si chidule cha poizoni chimenecho?" anatero khukhiyo uku akuwaza anyezi. "Mwathiranji m'tiyi wa anthu?"

Iye ankangocheza, koma azakhali sanaseke. Sabata yonseyo sankathira mkaka m'kapu ya mlendo popanda mboni. Kenaka anabwera kwathu kudzafunsa amayi anga, omwe ndi aphunzitsi.

"Ndi mawu abwinotu, alamu," anatero amayi. "Ndiko kuima osapendama, kudekha, kusatekeseka zinthu zikavuta. Amanena za wovina, ngakhalenso za munthu woyankha mafunso ovuta osanjenjemera."

"Nanga osangoti ndine wodekha bwanji?" anafunsa azakhali. "Munthu akakuyamikira ndi mawu oti suwadziwa, ndiye kuti pali chimene akufuna. Mbuzi amayamba aisisita asanaimange chingwe."

Sipanapite nthawi, bwana uja anawauza kuti asiye kuperekera zakudya, aziphunzitsa atsikana atsopano poyizi yemweyo m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini.

"Ndiye akukwezanitu!" anatero amayi atamva.

"Andichotsa pamaso pa alendo," anayankha azakhali. "Nkhope yakalamba iyi."

Ntchitoyo anaigwirabe ndi mtima wonse. Mtsikana akamayenda ndi thireyi, iwo ankagwetsa dala supuni kumbuyo kwake kapena kuwomba m'manja mwadzidzidzi. "Maso patsogolo, mwanawe! Kapu ukamaiyang'ana imadziwa kuti ukuiopa." Ambiri mwa atsikanawo anakapeza ntchito m'mahotela akuluakulu, ndipo ena amabwerabe kudzawaona. Koma m'chipinda chodyera alendo, bwana uja sanawabwezeremonso azakhali, ngakhale pa masiku amene operekera zakudya ankachepa. Amayi amati bwana ankawalemekeza. Azakhali amati alamu awo anaphunzira kwambiri mpaka anasiya kuona.

Popuma ntchito anawapatsa wotchi yapakhoma. M'mawa mwake anainyamula kupita nayo kwa wokonza mawotchi kuti aitsegule, aone ngati sinali yotha ntchito yongopukutidwa. Inali yatsopano. Ili pakhoma pabalaza pawo mpaka lero, ikuyenda bwinobwino, koma akafuna kudziwa nthawi amakafunsa kwa aneba.