Nyumba ya adada aiyeza lero

Mwaswera bwanji nonse, ndine Tamara.

Lero kumsonkhano anthu akangana za msonkho wa nyumba. Eni malo ogona alendo akuti tizilipira kuti msewu ukonzedwe. Asodzi akana, akuti malo a makolo salipiridwa.

Titabwerako, a khonsolo anafika kudzayeza nyumba ija malemu adada anaisiya yosafolera. Palibe amene anafuna kuwagwirira tepi yoyezera. Amama anaigwira okha, pakona pomwe adada analemba dzina langa simenti isanaume.

Akuti tikafuna kufolera tiyambe talipira ndalama ya chitukuko, kenako msonkho chaka chilichonse. Tikaisiya, mvula igwetsa makoma.

Amalume, azakhali, titani? Amama sangakufunseni, nchifukwa chake ndalemba ine.