Amene Anali pa Chiwongolero

Mwamuna wake atalowa m'ndende, telala wina wamkazi anatsala ndi makina osokera komanso ana anjala. Makasitomala anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Ndani angasoketse kwa mkazi wa munthu wopha mnzake pamsewu?

Koma iye ankadziwa zoona. Mwamuna wake anali dalaivala wa nduna, ndipo masana a ngoziyo anali pampando wakumbuyo. Bwanawo ndiwo anali pa chiwongolero, atakhuta mowa, akuyesa galimoto yatsopano. Atagunda wanjinga anatembenuka n'kunena kuti, "Vomera iweyo. Ndikutulutsa sabata isanathe."

Sabata ya wandale mukuidziwa. Inasanduka zaka.

Telala anagogoda paliponse. Kupolisi anamuseka. Achibale a mwamuna wake anati, "Alamu, khalani pansi, akuluakulu sagwidwa." Loya wina wothandiza osauka ndiye anamumvera, koma anamuuza kuti popanda mboni palibe mlandu.

Mboni inalipo imodzi, mkazi wa malemu wanjinga uja, amene tsikulo anakwezedwa kumbuyo kwa njingayo n'kupulumuka. Anthu a nduna anali atamuopseza, moti akangoona telala ankatseka chitseko.

Telala sanatope. Ankakhala pakhonde la mayiyo ndi singano, n'kumasoka mayunifolomu ong'ambika a ana amasiyewo, za mlandu osatchula. Tsiku lina chitseko chinatseguka.

"Amayi, mukufuna nanenso andiphe?" anafunsa wamasiyeyo.

"Ayi mnzanga. Ndikufuna ana anu adziwe amene anapha bambo awo, anga asiye kuyenda chozolika."

Wamasiye anavomera kuchitira umboni, ndipo mlandu unayambanso. Nduna inadwala, inapita kunja, inadwalanso. Azimayi awiriwo sanaphonye tsiku la khoti ngakhale limodzi. Potsiriza bwanawo anabwera, akununkhira mafuta odula, n'kulunjika pampando wofewa wa maloya.

"Woimbidwa mlandu, malo anu ndi uko," anatero woweruza.

Wamasiye anaimirira. Chala chake chinaloza nduna mosakayika. Bwanawo anapezeka olakwa, ndipo anatuluka pakhomo lakumbuyo manja ali m'unyolo.

Dalaivala anabwera kunyumba ataonda, imvi zili mbuu. Telala analira, kenako anaseka, n'kukhala pa makina kuchepetsa mathalauza a mwamuna wake uku akuimba.

Abale anga, nduna timaiika ndi voti yathu, ndipo lamulo limene limamanga dalaivala limamanganso bwana wake. Akakutsekerani chitseko, bwereraninso mawa. Osataya mtima.