Kapitao ndi Sitima, mbira za agogo

Fungo la udzu wodula kumene, losakanikirana ndi utsi wa usipa wowamba wochokera kwa aneba, limandibwezera kuseri kwa khitchini ya agogo anga aamuna, a Mbewe. Kumeneko kunali khola la njerwa zosawotcha lofika m'mawondo, ndipo m'mawa uliwonse ndikamakolopa pakhonde ndinkamva mbira zikuimba malikhweru chifukwa zamva kukwekwereza kwa phazi lawo. Agogo anali msodzi, koma bondo litayamba kutupa anasiya kupita kukapha nsomba kuchilumba cha Mbenji, n'kuyamba kuweta mbira. Ena ankaweta za ndiwo. Iwo ankaweta zocheza nazo.

Mbirazo zinali ziwiri, zonse zazimuna. Kapitao anali wamkulu, wakuda, wa khutu long'ambika. Sitima anali wofiirira, ndipo anakulira pambali pa Kapitao, akudya naye khoko limodzi la nthochi. Koma Sitima atakhwima zinthu zinasintha. Anayamba kuzungulira mnzakeyo pang'onopang'ono, akugwedeza mbuyo uku ndi uku, akulira chapansipansi ngati injini ya boti ili kutali. Kapitao ankatukula chibwano, Sitima n'kutukulanso kuposa pamenepo, kenako wina n'kukwera pamsana pa mnzake.

Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinathamanga.

"Agogo, zikuphana!"

Anabwera mosafulumira, n'kukhala pa chitini chawo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Waona magazi, Esinati?"

"Ayi."

"Ndiye zikukambirana. Zikufuna kudziwa wamkulu ndani. Ukazilekanitsa lero, mawa ziyambira poyamba pomwe."

Anandiphunzitsa kumvetsera. Kulira kwapansipansi kuja, anati, n'kudzitama chabe. Koma mano akayamba kugundana mwachangu, ubweya wapakhosi n'kuima, pamenepo ndiye poyang'anitsitsa. Anaika milu iwiri ya udzu kumakona otalikirana, ndi mbiya ziwiri zosweka zobisalamo, iliyonse yoboola mbali zonse kuti wothamangitsidwa asatsekerezedwe. Patapita masabata angapo Kapitao anagonja yekha. Sitima akabwera, iye ankangotsitsa mutu n'kumupatsa njira, ndipo masana tinkawapeza atagona moyandikana.

Chinasokoneza mtendere ndi amalume a Layisoni. Anabwera ndi mbira yaikazi mu katoni, n'kuiponya m'khola agogo ali kutchalitchi, akuti ziswane. Sipanathe nthawi. Ndinamva phokoso ndili kutsuka mbale, ndipo nditafika ndinapeza mpira wa ubweya ukugubuduzika m'fumbi, osadziwika mutu ndi uti. Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire Kapitao.

"Chotsa dzanja!"

Ndinali ndisanawamvepo agogo akukuwa choncho. Anali atangofika, jekete la kutchalitchi lili pathupi. Anatola lichero, n'kulilowetsa pakati pa ziwirizo, n'kuphimba Sitima ndi jekete lija. Kapitao anatsala akunjenjemera, tsaya litang'ambika, magazi akudontha paudzu.

Amalume anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ameneyu watha, ababa. Tingomuwotcha, ana adye."

Ndinayamba kulira. Agogo ananyamula Kapitao n'kumuika pachifuwa, pa shati yawo yoyera.

"Wamenyedwa chifukwa cha nzeru zako, ndiye umudyenso? Tenga katoni yako ubweze kumene waitenga."

Amalume anaseka mwamanyazi, koma katoni inapita.

Masiku otsatira agogo ankatsuka bala lija ndi madzi ofunda a mchere, akumuyankhula Kapitao ngati munthu wodwala. Zala zawo zinali zokhakhala, zodulidwadulidwa ndi zingwe za ukonde, koma zinkagwira kanyama kaja mofewa moti sikankaphiriphitha. Atachira, ndinafunsa ngati tiwabwezere pamodzi.

"Zikalumana mpaka magazi sizikhulupirirananso," anatero. "Koma kukhala yokhayokha mbira siikwanitsa."

Anagawa khola pakati ndi waya wa nkhuku. Kapitao mbali iyi, Sitima mbali inayo, akuonana, akununkhizana, koma mano osafika. Chodabwitsa n'chakuti onse ankakokera udzu wawo pafupi ndi waya, n'kumadya mphuno zitatsala pang'ono kugundana, Sitima akung'ung'udzabe ngati kale.

Kapitao anafa ndi ukalamba nyengo ya mvula. Sitima anasiya kudya. Ankangokhala pawaya, kholowa akufota pambali pake. Agogo anamuyang'ana tsiku limodzi, lachiwiri anavala chipewa, n'kutenga ndodo.

"Mukupita kuti ndi bondo limenelo?" anafunsa mayi anga.

"Ku Chinguluwe. Kuli mnzanga ali ndi tiana ta mbira."

Anakwera kabaza popita, koma pobwera anayenda chigawo chachikulu wapansi, akuti njinga ikugwedeza mwana. Anafika dzuwa lili paliwombo, thukuta lili chuchuchu, mutu uli pamtunda, chipewa atachigwira ndi manja onse awiri. M'katimo munali kambira kakamuna kosakwana chikhato changa.

"Wamkulu salimbana ndi khanda," anatero akukatsitsa. Sitima anakazungulira, n'kukanunkhiza, n'kulira chapansipansi kamodzi. Kenako anatola tsamba n'kuyamba kutafuna.

Agogo anagona masiku angapo bondo litatupa ngati dzungu, mayi akuwakalipira uku akuwathowa. Iwo ankangofunsa ngati Sitima wadya.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo agogo anatisiya kalekale. Ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Ana anga akandifunsa kuti anali munthu wotani, ndimawauza kuti anali nkhalamba yotsimphina imene inayenda padzuwa mutu uli pamtunda, kuti mbira yolusa isafe ndi kusungulumwa.