Tsamba Lachiwiri

Mable Chikafa wasamalira okalamba ku Maryhill, kutsidya kwa nyanja, zaka khumi ndi chimodzi. Si wa mawu ambiri. Amatsika basi, kuvula jekete, kutereka ketulo, ntchito yayamba. Anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua, kumene bambo ake ankawolotsa anthu pa bwato mpaka tsiku limene alendo anabwera ndi boti la injini ndi pepala lachidindo, n'kuwauza kuti dooko si lawonso.

Mwa okalamba ake munali mayi Maureen, amene maso anali atawathera. Chuma chawo chinali kalata ya masamba awiri ya agogo a agogo awo, amene analowa mpingo wa Mormon, n'kupita ku America kukawolotsa ngolo pa mtsinje wina. Lachinayi lililonse Mable ankawawerengera.

Tsamba loyamba linali lokoma: mapemphero, chipale chofewa, mabanja awoloka bwino. Lachiwiri linkanena za eni dziko, amene anabwera kudzadandaula kuti atsekeredwa powolokera pawo. Wolembayo ndi anzake anawathamangitsa ndi mfuti, n'kutentha mabwato awo. Anazilemba ngati akunena za mvula.

Mable ankafika pansi pa tsamba loyamba n'kunena kuti yatha. Lachiwirilo ankaliwerenga ndi maso okha, zikumuwawa, mpaka linamulowa m'mutu. Koma sankafuna kulanda nkhalamba kamodzi kokha kamene inkanyadira. Zaka zitatu zinapita choncho.

Lachinayi lina mayi Maureen anamugwira dzanja.

"Pepala lachiwiri ndimalimva likuphwanyaphwanya m'manja mwanu. Amayi anga nawonso ankalidumpha. Pa maliro anga mudzawerenge yonse."

Mable anangoti, "Ndamva, mayi."

Anamwalira mu Malichi. Pakhomo pa tchalitchi, mwana wawo Lena anapatsira Mable tsamba limodzi, ati linalo ndi lotopetsa ndipo nthawi yachepa. Mable anathokoza mwaulemu. Anaimirira kutsogolo, anawerenga tsambalo mpaka pansi, analipinda. Anthu ankayesa wamaliza. Iye anapitiriza mokweza, kunena tsamba lachiwiri limene analoweza pamtima, ndi mawu omwe aja ofunsira ngati munthu wamwa mankhwala, mpaka pa mabwato otenthedwa.

Tiyi wa pambuyo pa maliro palibe amene anamuitanira. Anakwera basi kupita kwa wokalamba wina, amene ankadikira kusambitsidwa.

Lachinayi lotsatira anaimba foni kumudzi, kufunsa mng'ono wake ngati nkhafi yopalasira bwato la bambo ikadalipo. Anamuuza kuti ilipo, amachirikizira chitseko cha khola.